Tikumbukire bwanji chigumula cha 2015, nanga mtsinje wa Shire tiukonzere tsogolo lotani?

aNaphiri, Chilobwe

Akuluakulu nonse a pabwalo lino, landirani moni. Ndine mmodzi mwa amayi a m'komiti ya kumpingo kwathu kuno ku Chilobwe, ndipo tapatsidwa ntchito yokonza mwambo wokumbukira anthu amene anatisiya pa chigumula cha mu Januwale 2015. Zaka khumi zinakwana tili chete, popeza mitima yathu inali ikadali pa maliro a namondwe wa Freddy, koma tsopano akulu a mpingo aona kuti si bwino kuti Januwale wina adutsenso osachitapo kanthu. Ndabwera kuno chifukwa pamsonkhano wathu sitinamvane, ndipo ndikufuna nzeru kwa anthu amene amaudziwa mtsinje wa Shire kuposa ine.

Ndiyambe ndi zimene ndinaona ndi maso anga. Mvula inagwa masiku angapo osakata, ndipo usiku umene madzi anatsika m'phiri la Soche chimene chinatidzutsa linali phokoso la miyala ikugundana m'khwawa kuseri kwa nyumba, ngati magalimoto akuluakulu akutsitsa miyala ya kwale. Kutacha tinapeza kuti kakhwawa kamene ana ankangokalumpha popita kusukulu kasanduka chigwembe, ndipo pamene panali nyumba za anzathu panatsala maziko okha ndi mphika umodzi wodzaza matope. Pakhoma la nyumba imene tinkachita lendi, mzere wa matope unalekeza pazenera. Mzerewo ndinkaletsa ana kuufufuta, koma ife titasamuka khomalo linapakidwa laimu, moti banja limene linalowamo silinadziwe kuti madzi anafikapo pamenepo. Mu Malichi 2023 madzi anabwereranso m'khwawa lomwelo ndipo nyumbayo inagwa. Mwa chisomo cha Mulungu anthuwo anathawa ndi moyo, koma anatuluka ndi zovala za m'thupi zokha.

Tonse tikudziwa kuti tsokalo silinali la Chilobwe yekha. Pa 13 Januwale 2015 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 15 ali pa ngozi, ndipo kawuniwuni wa boma anapeza kuti anthu 106 anamwalira, ena 172 sanapezeke, ndipo pafupifupi 230,000 anasowa pokhala, ambiri mwa iwo a ku Nsanje, Chikwawa, Phalombe ndi Zomba.

Tsono m'komiti mwathu ena akufuna mapemphero, makwaya ndi nkhata za maluwa, basi. Ena akuti tikabzale mitengo m'phiri la Soche. Ine sindikukana zonsezi, koma mtima wanga sukukhazikika, chifukwa ndikuopa kuti tidzaimba, tidzalira, kenako tidzabalalika, khwawa lija lili chikhalire ndipo nyumba zikumangidwabe m'mbali mwake. Funso langa lili pawiri. Kodi mwambo woterewu tingaukonze bwanji kuti usiye chinthu chimene chingapulumutse munthu mvula ina ikadzabwera? Nanga ife a mu Blantyre tikulowa pati pa nkhani yokonza tsogolo la Shire, ndipo khansala kapena phungu akadzabwera pamwambowo tidzamufunse chiyani chenicheni?

aMbewe, Chirimba

Mayi Naphiri, pepani ndi zimene mudakumana nazo, ndipo zikomo pobweretsa nkhaniyi poyera. Ine ndidagwira ntchito ya zamadzi zaka zambiri ndisadapume, choncho ndiyankha funso lanu lachiwirilo, popeza ambiri mumzinda muno amaganiza kuti Shire ndi nkhani ya anthu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje okha.

Mtsinje wa Mudi umayambira m'phiri la Ndirande, umalandira mitsinje ya Nasolo ndi Naperi, ndipo madzi ake amakatsirira mu Shire kumbali ya Chikwawa. Mitsinje ya Lunzu ndi Lirangwe imalowa mu Shire kumtunda kwa mathithi a Tedzani ndi Kapichira. Choncho dothi limene limakokoloka m'minda ndi m'mapiri mwathu, pamodzi ndi mapulasitiki amene timataya m'ngalande, zimapita kwa anzathu a kumunsi. Koma mtsinje womwewo ndi umene timamwa. Gawo lalikulu la madzi a m'mipopi ya mu Blantyre limatungidwa pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera mumzinda, ndipo amapopedwa kukwera mamita pafupifupi 800 kudzera ku Chileka. Mukukumbukira kuti mu Januwale 2015, mvula ikugwa chotero, mipopi idauma ndipo amayi adazunzika ndi zigubu kufunafuna madzi m'zitsime. Chidachititsa ndi matope ndi zinyalala zimene zidatseka malo otungirawo, komanso ku Nkula makina a magetsi adazimitsidwa chifukwa cha mitengo ndi zinyalala zobwera ndi madzi, pamene mapampu a madzi amadalira magetsi omwewo. Mwambo wanu usaiwale mbali imeneyi, chifukwa ndi imene idakhudza ngakhale anthu a ku Namiwawa ndi ku Nyambadwe amene madzi sadalowe m'nyumba zawo.

Pali chinthu china chimene ndikufuna kuwongola, chifukwa ndimachimva kawirikawiri m'minibasi ndi pamaliro. Anthu amati kumunsi kumasefukira chifukwa choti atsegula zitseko pa baraji ya Kamuzu ku Liwonde. Barajiyi idamangidwa mu 1965, ndipo idakonzedwanso pansi pa pulogalamu yosamalira chigwa cha Shire imene idayamba mu 2012 ndi thandizo la Banki Yaikulu ya Dziko Lonse. Ntchito yake yaikulu ndi kusunga madzi m'nyanja ya Malawi kuti m'chilimwe mtsinje uziyendabe mokwanira kupukusa makina a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Ilibe mphamvu pa mitsinje imene imalowa mu Shire kumunsi kwa Liwonde, monga Rivirivi, Lisungwi, Wamkulumadzi, Mwanza ndi Ruo, ndipo imeneyi ndi imene imadzaza m'maola ochepa ndi kubweretsa chigumula chadzidzidzi. Zoona zake n'zakuti oyendetsa baraji amakhala pampanipani. Mu 2024 nyanja idakwera kwambiri moti nyumba ndi malo ogona alendo ku Mangochi zidalowa madzi, ndipo a kunyanja ankapempha kuti zitseko zitsegulidwe kwambiri, pamene kutero kukadawonjezera madzi kwa anthu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Tisaiwalenso kuti mtsinjewu udasiyapo kutuluka m'nyanja kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 chifukwa nyanja idatsika. Wokonza tsogolo la Shire ayenera kukonzekera zonse ziwiri, madzi ochuluka ndi madzi osowa.

Zimene zidachitika ku Kapichira mu Januwale 2022 ndi phunziro limene sitidalimalize. Namondwe wa Ana adagumula mbali ya damu, mamegawati 129.6 adachoka pa nthambo, ndipo padatenga nthawi yoposa chaka kuti makinawo ayambirenso. M'miyezi ya mdima imeneyo mabanja ambiri amene ankaphikira magetsi adabwerera ku makala, njinga za makala zidachuluka pamsewu wa Zalewa, ndipo mitengo imene idagwa nthawi imeneyo idali ya m'mapiri omwe amayenera kugwira dothi kuti lisadzaze madamu. Pamalo pomwepo pa Kapichira ndi pamene ngalande yaikulu ya ulimi wothirira wa m'chigwa cha Shire imatenga madzi, ntchito imene cholinga chake ndi kuthirira mahekitala 43,370 ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo pakati pa Tedzani ndi Kapichira pakukonzedwa damu lina la magetsi la Mpatamanga. Chuma chonsechi tikuchiika pa mtsinje umodzi umene mapiri ake tikuwameta.

Tsono khansala akabwera, musamufunse mafunso a m'malere. Mufunseni ngati khonsolo ili ndi mapu osonyeza makwawa ndi malo otsetsereka amene sayenera kumangidwapo, ndipo ngati alipo, apachikidwe pamsika ndi pasukulu pamene aliyense angawaone. Phungu mufunseni za bungwe la National Water Resources Authority, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la zamadzi la 2013, kuti likupatsidwa ndalama ndi antchito okwanira kuyeza mitsinje ndi kuteteza magombe ake kapena ayi. Udindo wa khonsolo ya mzinda umathera pamalire ake, wa khonsolo ya boma la Blantyre umayambira pamenepo mpaka kumalire ndi Chikwawa, ndipo mchenga wa mu Mudi ukawoloka malirewo umasowa mwini. Za mzere wa pakhoma uja, ine ndikuti umenewo ndiwo ukhale mutu wa mwambo wanu. Pezani malo okhazikika, mujambule ndi penti yosafufutika pamene madzi adalekeza mu 2015 ndi mu 2023, mulembepo chaka. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa, ndipo munthu wofuna kugula poloti kapena kulowa lendi akaona mzerewo adzaganiza kawiri.

Mwana wa ku Makhanga, panopa ku Bangwe

Ndathokoza Mayi Naphiri, ndathokozanso Bambo Mbewe chifukwa cha kulongosola kwawo komveka bwino. Ine kwathu ndi ku Makhanga, kwa Mfumu Yaikulu Mlolo ku Nsanje, ngakhale kuti ndakhala mu Blantyre zaka zambiri. Ndikufuna ndionjezere mawu a anthu a kumunsi, chifukwa nkhani za Shire zikamakambidwa kuno kumtunda, ife timangotchulidwa ngati anthu osamva amene amakana kusamuka.

Bambo Mbewe anena zoona za Ruo. Mtsinjewu umachokera m'phiri la Mulanje, umatsata malire a dziko lino ndi Mozambique, ndipo umakumana ndi Shire pa Chiromo. Ukadzaza umafika ndi mphamvu moti umatchinga Shire, madzi n'kubwerera m'mbuyo kulowa m'dambo lalikulu la Elephant Marsh ndi m'midzi yozungulira. Chimene anthu a kumtunda sachidziwa n'chakuti kwathu kumatha kusefukira kunja kuli dzuwa, chifukwa mvula yagwa ku Mulanje ndi ku Thyolo dzulo lake. Mu 1997 madzi anadula njanji ndi msewu pa Chiromo, ndipo kuyambira pamenepo anthu akhala akuwoloka pa Mtayamoyo ndi mabwato. Mu 2015 Ruo anaboola njira yatsopano, Makhanga anasanduka chilumba, ndipo anthu anapulumutsidwa ndi mabwato ndi ndege za asilikali.

Amalume anga anakhala mumtengo usiku uwiri atamangirira mdzukulu wawo kunthambi ndi chitenje kuti akagona asagwe. Iwo ndi mwanayo anapulumuka, koma akazi awo, amene anabwerera kukamasula mbuzi m'khola, sitinawaonenso mpaka lero. Tinalira maliro popanda mtembo, ndipo palibe manda amene tingapiteko kukalambula. Choncho Mayi Naphiri, mukamatchula anthu 172 amene sanapezeke aja, dziwani kuti mmodzi mwa iwo ndi wa kubanja kwathu. Pempho langa ndi lakuti pamwambo wanu mayina awerengedwe mokweza, limodzi ndi limodzi, ndipo osapezeka aja atchulidwe mofanana ndi amene anaikidwa m'manda. Kwa mabanja ngati lathu, chipilala cholembedwa mayina ndicho chingakhale manda.

Tsopano ndinene za kusamuka. Sindikutsutsa kuti pali malo amene munthu sayeneranso kugonapo, ndipo abale anga ena anasamukira kumtunda ndithu. Koma amene amalamula kuti anthu achoke ayenera kumvetsa chifukwa chimene anthuwo amabwererera. Ku Nsanje mvula ndi yochepa ndipo dzuwa limaotcha, moti munda wa kumtunda ukhoza kukukanika zaka ziwiri zotsatizana. Madzi akaphwa cha mu Epulo ndi Meyi, amasiya nthaka yachonde m'madimba, ndipo timabzala chimanga, mbatata ndi nyemba popanda feteleza n'kukolola pamene anzathu a kumtunda nkhokwe zayamba kupepuka. M'dambo muli nsomba, muli bango, muli msipu wa ng'ombe. Munthu ukamupatsa malo omanga nyumba pamtunda wouma, wopanda mjigo, kutali ndi dimba lake, wamupulumutsa ku madzi koma wamupereka ku njala. Palinso nkhani ya ufumu imene anthu a m'tauni amaipeputsa: nyakwawa ikasamukira m'dera la nyakwawa inzake imasanduka mlendo, ndipo manda a makolo amatsala m'mbuyo. Ndondomeko imene ingagwire ntchito ndi yoti anthu azigona kumtunda koma madimba awo akhalebe awo mwalamulo, pakhale msewu wofikirako, ndipo mjigo, sukulu ndi chipatala zifike kumalo atsopanowo anthu asanafike.

Chinthu chimodzi chimene ndachiona chikuthandiza ndi machenjezo ochokera kwa anthu okhaokha. M'mitsinje ina munaikidwa mitengo yoyezera madzi yopakidwa mitundu itatu, wobiriwira, wachikasu ndi wofiira, ndipo munthu wa kumtunda akaona madzi afika pofiira amaimbira foni a komiti ya kumunsi, iwo n'kuyamba kuliza mawenzulo ndi kulengeza pa chimkuzamawu. Maola awiri kapena atatu amenewo ndi okwanira kunyamula ana ndi okalamba. Kuno ku Blantyre madzi a m'phiri sapereka nthawi yaitali chotero, komabe nthambi yoona za nyengo inachenjeza za Freddy masiku angapo asanafike, ndipo vuto linali lakuti anthu ambiri sanadziwe kothawira. Ngati mpingo wanu ungagwirizane ndi mafumu kuti chenjezo likamveka tchalitchi ndi sukulu zizitsegulidwa usiku womwewo, osadikira kuti nyumba zigwe kaye, mudzakhala mwachita chinthu chachikulu. Ndipo ngati n'kotheka, itanani anthu angapo a ku Chikwawa ndi ku Nsanje adzalankhule okha pamwambowo.

aNangozo, mphunzitsi, Ndirande

Achimwene a ku Makhanga, pepani kwambiri. Nkhani ya amalume anu ndaiwerenga kawiri, ndipo ndikugwirizana nanu kuti mayina awerengedwe.

Ine ndikufuna kukumbutsa kuti dziko lino lili ndi mbiri yaitali ya ngozi zotere, ndipo makolo athu anali ndi njira yawo yoisungira. Mu Disembala 1946 madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Zomba n'kuononga tauniyo, ndipo anthu anati wadutsa Napolo, chinjoka chimene chimasamuka kuchoka m'phiri kupita kunyanja. Kaya munthu amakhulupirira za Napolo kaya ayi, dzinalo linagwira ntchito yake, chifukwa agogo athu ankadziwa njira zimene Napolo anadutsa ndipo ankaletsa ana awo kumangamo. Mu Malichi 1991 phiri la Michesi ku Phalombe linagumuka ndi kupha anthu mazanamazana, ndipo chaka chomwecho dziko linakhazikitsa lamulo loyamba loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Lamulo limenelo linagwira ntchito zaka zoposa 30, ndipo linalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2023, patangopita milungu yochepa Freddy atapha anthu 679, ena 537 osapezeka, ndi kusiya oposa 650,000 opanda pokhala. Chimene chimandipweteka n'chakuti malamulo onse awiri anabadwa pambuyo pa maliro. Ana amene ndimaphunzitsa m'kalasi lachisanu ndi chimodzi sanaone za 2015, ndipo ndikawafunsa za Phalombe palibe amene amakweza dzanja. Ndikupempha komiti yanu kuti itenge ana a sukulu, ayende ndi akuluakulu m'mbali mwa khwawa kuyambira m'munsi mwa phiri, aziuzidwa kuti apa panali nyumba ya uje, apa madzi anakhota, ndipo iwo alembe zimene amva m'makope amene adzasungidwe kusukulu ndi kutchalitchi.

Pa nkhani ya mitengo ndili ndi nkhawa, ngakhale kuti ndine mmodzi mwa anthu amene amaikonda. Ndinakulira kuno ndipo ndikukumbukira phiri la Ndirande lili ndi nkhalango ya paini yoti masana mkati mwake munkachita mdima ndi kuzizira. Inatha m'zaka za m'ma 1990, ndipo kuyambira pamenepo chaka chilichonse, nyengo yobzala mitengo ikatsegulidwa pa 15 Disembala, timakwera ndi ana kukabzala mbande. Ndanyamulapo machubu ambirimbiri pamutu, koma ndikabwerera mu Okutobala ndimapeza yambiri yapsa ndi moto wa osaka mbewa, ina yadyedwa ndi mbuzi, ina yazulidwa ndi wolima. Mtengo wobzalidwa pamwambo umakhala wopanda mwini. Ngati mukufuna kubzala ku Soche, bzalani ochepa amene mungathe kuwalimira ndi kuwatchingira moto kwa zaka zitatu, banja lililonse lidziwe mitengo yake, ndipo chaka chamawa mukadzakumananso mudzawerenge imene yapulumuka. M'malo ambiri n'kwabwino kungosamalira zitsa za mitengo yachilengedwe zimene zikuphukira zokha, chifukwa mizu yake ndi yakale ndipo imapirira chilala. M'mbali mwa makwawa mukhale nsungwi ndi vetiva, ndipo olima m'mapiri athandizidwe kupanga akalozera ndi ngonyeka kuti madzi azilowa pansi.

Ndiyeneranso kunena chilungamo, kuti mvula ngati ya Freddy ikhoza kugumula phiri ngakhale lili ndi mitengo, monga zinachitikira m'mbali zina za Mulanje. Mitengo imachepetsa ngozi koma siichotseratu, choncho tisawauze anthu okhala m'khwawa kuti tikabzala ndiye kuti atetezeka. Ndipo za makala tisaloze chala wa njinga yekha, pamene mbaula zili m'makhitchini mwathu tonse. Boma lili ndi ndondomeko ya zamakala ya 2017 mpaka 2027, koma gasi akadali wodula kwa mphunzitsi ngati ine, ndipo phungu ayenera kumva zimenezi kuchokera pakamwa pa amayi amene amaphika.

Mnyamata wa ku Manja

Makolo anga nonse, ndiloleni ndiikepo mawu ochepa. Ine ndinagona pamsasa nthawi ya Freddy, ndipo ndikudziwa anzanga amene anabwerera kumalo komwe nyumba zawo zinagwa. Sanabwerere chifukwa choiwala. Munthu wogulitsa pamsika wa Limbe kapena wolondera m'tauni amafuna nyumba imene angathe kulipira komanso kuyenda wapansi popita kuntchito, ndipo nyumba zotero zimapezeka m'phiri ndi m'mbali mwa mitsinje. Mzere wa penti umene Bambo Mbewe anena ndi wabwino, koma munthu akauona n'kupeza kuti kwina konse lendi ndi yowirikiza kawiri, adzalowabe m'nyumbamo. Choncho pa mafunso a khansala muonjezerepo ili: kodi maploti otsika mtengo, okhala ndi madzi ndi msewu, amene anthu ochoka m'malo oopsa angapiteko ali kuti, ndipo ndi angati amene agawidwa kale kuchokera mu 2023? Mufunsenso kuti amene amagulitsa malo m'khwawa ndi m'nkhalango yotetezedwa amayankha kwa yani, chifukwa wogula amakhala wosauka amene waika ndalama zake zonse, pamene wogulitsa amagona pamalo abwino.

Achinyamata a kuno tikhoza kuthandiza kuchotsa zinyalala m'ngalande ndi pansi pa milatho mvula isanayambe, mu Okutobala kapena Novembala. Ntchito imeneyi isadikire tsiku la mwambo mu Januwale, chifukwa pofika nthawi imeneyo ngalande zimakhala zitatsekeka kale.

aNaphiri, Chilobwe

Zikomo kwambiri nonse, mwandipatsa zambiri kuposa zimene ndimayembekeza. Ndalemba zonse m'kope ndipo ndikazitula kukomiti Loweruka likubwerali. Ndikapempha kuti mapemphero akhalepo monga anafunira anzanga, koma mkati mwake tiwerenge mayina, a 2015 ndi a 2023 omwe, ndipo tayamba kale kufunsa mabanja ngati akulola kuti mayina a abale awo atchulidwe, chifukwa ena mabala akadali aawisi. Achimwene a ku Makhanga, ngati banja lanu lingalole, dzina la akazi a amalume anu lidzawerengedwa pamodzi ndi a kwathu kuno, ndipo ndikakamba ndi abusa za kuitana anthu a kumunsi kudzera kumipingo inzathu ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Za mitengo ndikanena monga mwalangizira aphunzitsi, kuti tibzale ochepa okhala ndi eni ake. Mwana wanga wa ku Manja, funso lako la maploti ndaliika poyamba pa mafunso a khansala, ndipo za ngalande ndikufuna tikumane ndi achinyamata anzako mwezi uno usanathe.

Chimene chandivuta ndi cha mzere uja. Makoma ambiri amene anali ndi chizindikiro cha matope anagwa kapena anapakidwa, ndipo anthu akusiyana pokumbukira pamene madzi analekeza, ena akuti m'chiuno, ena akuti pachifuwa. Tili ndi zithunzi zingapo za m'mafoni zimene zikuonetsa mlatho ndi mwala waukulu umene madzi anausiya pakati pa njira. Bambo Mbewe, kodi zithunzi zimenezi zingakwanire kuti munthu wodziwa kuyeza apeze msinkhu weniweni wa madziwo, nanga chilolezo chojambula pamlatho timakachitenga kukhonsolo kapena kwa a misewu?